Chifukwa chiyani ndege za jeti zoyamba zinkagwa chonchi?

Pa 18 April 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatsala milungu itatu kuti ithe ku Ulaya, ndege ya jeti ya mtundu wa Messerschmitt Me 262 inayamba kuthamanga pa bwalo la Riem, kunja kwa mzinda wa Munich, kuti inyamuke. Bwalolo linali zigamba zokhazokha, poti adani ankaliphulitsa pafupipafupi ndipo maenje ake ankangokwiriridwa mothamanga. Ndegeyo isanachoke pansi mwendo wake umodzi unathyoka, inakhulika pansi, ndipo mafuta pamodzi ndi maroketi amene inanyamula kunsi kwa mapiko zinagwira moto. Woyendetsa wake, Johannes Steinhoff, anadzitulutsa yekha m'malawi amotowo. Anapulumuka, koma nkhope yonse inapsa, zikope n'kutheratu, moti kuyambira tsiku limenelo sankathanso kutseka maso.

Steinhoff sanali mwana pa zouluka. Anamenyera nkhondo boma la Hitler kuyambira mu 1939, ndipo kaundula wa asilikali ankasonyeza kuti anagwetsa ndege za adani 176. Koma tsiku limenelo panalibe amene anamuwombera. Ngozi yake inachitikira pansi penipeni, ndege isanafike n'komwe pa liwiro lake, ndipo umu ndi mmene zinkakhalira kawirikawiri pa zaka makumi awiri zoyambirira za majeti. Tikamva za ndege zankhondo timaganiza za kuwomberana mumlengalenga, chonsecho manda ambiri a oyendetsa majeti oyambirira anakumbidwa nthawi ya mtendere, ndipo ngozi zambiri zinkachitika ponyamuka, potera, kapena pouluka chapansipansi. Dzina la Steinhoff mulisunge, likubweranso kutsogoloku.

Ndege yoyamba ya jeti, Heinkel He 178, inauluka ku Germany pa 27 August 1939, ndipo a ku Britain anaulutsa yawo mu May 1941 ndi injini ya Frank Whittle. Kagwiridwe ntchito ka injiniyi n'kosavuta kukafotokoza. Imameza mpweya kutsogolo, n'kuupanikiza, n'kuupopera mafuta ofanana ndi palafini, n'kuyatsa. Mpweya wotenthawo umafufuma n'kutulukira kumbuyo mwamphamvu, ndipo ndi umene umakankha ndege. Koma usanatuluke umadutsa pa gudumu la timasamba tachitsulo n'kulizunguza, ndipo gudumu limeneli ndi lomwe limapukusa chopanikiza mpweya chakutsogolo chija. Vuto lonse lagona pa timasambati. Timakhala m'moto nthawi zonse, kwinaku tikuzungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi.

Chitsulo wamba sichingapirire zimenezo. Pamafunika chosakaniza ndi nickel, chromium ndi cobalt, ndipo Germany pa nthawi ya nkhondo inalibe zitsulo zimenezi zokwanira. Akatswiri a kampani ya Junkers anachita kukuta chitsulo wamba ndi aluminiyamu m'malo ena otentha, n'kusiya timasamba tija tobooka mkati kuti mpweya wozizirirapo uzidutsamo. Zinatheka ndithu, koma injini ya Jumo 004 inkatha pakangopita maola 10 mpaka 25 ouluka. Tangoganizani minibasi imene injini yake iyenera kutsitsidwa ikangoyenda masiku awiri kapena atatu. Tisaiwalenso kuti mbali zambiri za Me 262 zinkapangidwa ndi akaidi a m'misasa yozunzirako anthu, amene ankagwira ntchito yakalavulagaga m'mapanga ndi m'nkhalango, ambiri n'kufera komweko. Zinapangidwa ndege pafupifupi 1,400, koma zomwe zinalowadi m'nkhondo zinali zochepa.

Panalinso khalidwe lina la injinizi limene linapha anthu ambiri, osati ku Germany kokha. Ndege ya pulopela ili ngati njinga yamoto: ukaiwonjezera mafuta imalumpha nthawi yomweyo, ndipo mphepo ya pulopelayo imawomba pamapiko n'kuthandiza kuinyamula. Ukachepetsa mafuta, pulopela yomweyo imakhala ngati buleki. Jeti yoyambirira sinkamva choncho. Ukaiwonjezera mafuta inkayamba yaganiza kaye masekondi angapo, gudumu lija likusonkhanitsa liwiro. Ukapupuluma n'kukankha mafuta onse kamodzi, ankachuluka kuposa mpweya, ndiye injini inkazima kapena kupsa mkati. Amene anayatsapo chitofu cha palafini chopopa amadziwa mmene chimalavulira moto ukachipopa chisanatenthe. Tsono woyendetsa akamatera, n'kuona kuti watsika kwambiri sakafika pa bwalo, dzanja lake lozolowera pulopela linkathamangira kukankha mafuta, ndipo mphamvu inkabwera iye atagunda kale pansi. Oyendetsa ndege a ku America ndi ku Britain anazitulukira msanga. Poti Me 262 sakanaipeza pa liwiro, ankangoidikirira pafupi ndi mabwalo ake, kuti aiwombere ikamatera kapena kunyamuka, ili ngati nkhuku yonyowa.

Ku America nakonso kunali maliro. Richard Bong, amene anagwetsa ndege za Japan 40, kuposa msilikali wina aliyense wa ku America, anabwezedwa kumudzi kuti asafere kunkhondo, n'kupatsidwa ntchito yoyesa majeti atsopano a P-80 Shooting Star ku California. Pa 6 August 1945 pampu ya mafuta inafa ndege itangonyamuka. Panali pampu ina yapadera, koma zikuoneka kuti sanaiyatse. Anali atangouluka maola owerengeka pa jeti. Anadumpha ali pafupi kwambiri ndi pansi, parachuti osatambasuka. Linali tsiku lomwe bomba la atomiki linagwa pa Hiroshima, ndipo nyuzipepala zina zinaika nkhani ziwirizi pa tsamba loyamba limodzi.

Bokosi la nyama

Jeti ya ku Britain, Gloster Meteor, inayamba ntchito mu July 1944 mu gulu la 616 Squadron, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuthamangitsa mabomba ouluka okha a V-1 amene ankalunjika ku London. Pa nkhondoyo sinamenyanepo ndi Me 262 mumlengalenga. Imfa zake zinabwera mtendere utafika. Gulu la ndege zankhondo la Britain, RAF, linataya ndege za Meteor 890, ndipo oyendetsa 450 anafa. Mu 1953 mokha zinagwa 145, kutanthauza pafupifupi zitatu sabata iliyonse. Asilikali anaitcha Meatbox, bokosi la nyama. Nkhondo ya ku Korea inali itachititsa kuti RAF ikule mothamanga, ndipo anyamata ankachoka pa tindege ta pulopela tophunzirira n'kukwera Meteor asanakhwime.

Mainjini awiri a Meteor anali pakati pa mapiko, patali ndi thupi la ndege. Imodzi ikazima, yotsalayo inkakankha mbali imodzi, ndege n'kumafuna kukhota ngati ngolo imene ng'ombe imodzi yagwada. Kuti aiwongole, woyendetsa ankaponda chiwongolero chakumchira ndi mphamvu zonse za mwendo, popanda makina omuthandiza, ndipo amene anauluka nayo amasimba kuti mwendo unkafika ponjenjemera. Pa liwiro lalikulu zinkatheka. Liwiro likatsika kupitirira malire ake, chiwongolerocho chinkagonja, ndege n'kugudubuka chagada kulunjika pansi. Ndipo potera ndi pomwe liwiro limakhala lotsika, pansi pali pafupi. Akuluakulu anaona kuti mankhwala ake ndi kuphunzitsa anyamatawo kutera ndi injini imodzi, ndipo pophunzirapo ankaizimitsadi inayo, osati kungoichepetsa. Ambiri amene analipo nthawi imeneyo amati maphunzirowa anapha anthu ochuluka kuposa mainjini ofa okha. Pa nkhani yonseyi pamene pamandiwawa ine ndi pamenepa, makamaka poti Meteor ya mipando iwiri yophunzitsira, T.7, inalibe ndi mpando wodziponya kunja womwe.

Ndiye panali ludzu la mafuta. Jeti imamwa kwambiri ikakhala pansipansi pomwe mpweya ndi wochindikala, ndipo zoyambirirazi zinkatha kukhala mumlengalenga ola limodzi kapena kucheperapo. Nyengo ikangosintha, panalibe zozungulirazungulira kudikira kuti kuyere. Pa 8 February 1956 ndege zisanu ndi zitatu za Hawker Hunter zinanyamuka pa bwalo la West Raynham, m'chigawo cha Norfolk, kukayeserera kumenyana. Pobwerera zinapeza kwatseka, ndipo zinauzidwa kupita ku bwalo lapafupi la Marham. Nako chifunga chinali chitangogwa. Oyang'anira pansi sakanatha kutsitsa ndege zonsezo imodzi imodzi ndi rada pa mphindi zochepa zimene zinatsala m'matanki. Ziwiri zinatera. Zisanu ndi imodzi zinawonongeka: oyendetsa anayi anadziponya kunja, mmodzi anakaikhulitsa pansi n'kupulumuka, ndipo mmodzi anafa. Vuto silinali mainjini ayi, koma chifunga ndi kuchepa kwa mafuta.

Anayi aja anapulumuka chifukwa cha mpando. Pa ndege zakale woyendetsa ankangotsegula denga n'kudumpha, koma pa liwiro la jeti mphepo imakukanikizira mumpando, ndipo ukakwanitsa kutuluka imakumenyetsa kumchira. Ajeremani ndi a ku Sweden anayamba kale kuyesa mipando yoponya munthu kunja nkhondo ili mkati. Ku Britain amene anaidzipereka ntchitoyi ndi James Martin, mnzake wa pa bizinesi Valentine Baker atafa poyesa ndege yawo mu 1942. Pa 24 July 1946 wantchito wina wa pa kampani ya Martin-Baker, Bernard Lynch, anavomera kuponyedwa kuchokera mu Meteor ikuuluka, ndipo anatera bwinobwino. Komabe mipando yoyambayi inkafuna kuti ndege ikhale m'mwamba ndithu kuti parachuti ipeze nthawi yotambasuka. Pomwe ngozi zinkachitikira kwambiri, pafupi ndi pansi, inalibe thandizo lokwanira.

Kenaka kunabwera mpikisano wopitirira liwiro la phokoso, ndipo okonza ndege ankaphunzira pa mitembo. F-100 Super Sabre ya ku America inalowetsedwa ntchito mothamanga ili ndi chipsepse chakumchira chaching'ono. Mu October 1954 inathetheka mumlengalenga ndi katswiri woyesa ndege wa kampani yake, George Welch, ndipo m'pamene anachikulitsa. Pa moyo wake wonse F-100 inagwa maulendo oposa 800 m'manja mwa asilikali a America okha.

Yopanga amasiye

Koma ndege imene inasanduka nkhani ya dziko lonse, mpaka kuchotsetsa akuluakulu pa mipando, ndi Lockheed F-104 Starfighter ku West Germany.

Chakumapeto kwa 1951 Kelly Johnson, mkulu wokonza ndege ku kampani ya ku America ya Lockheed, anapita ku Korea kukafunsa oyendetsa amene ankamenyana ndi MiG-15 ya Soviet Union kuti akufuna ndege yotani. Anamuuza kuti akufuna yopepuka, yosachuluka zida, yokwera msanga ndi yothamanga kuposa chilichonse. Anawapatsa zomwezo. Starfighter inauluka koyamba mu March 1954: thupi lalitali ngati mkondo, injini imodzi yaikulu, ndi timapiko tating'ono mochititsa mantha, tosakwana mamita 7 kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina. Mphepete mwa phiko kutsogolo munali mopyapyala osakwana theka la milimita, moti ndege ikaima ankavekapo zotchinga kuti amakaniko asadzicheke. Inkathamanga kawiri liwiro la phokoso. Monga ndege yokwera msanga kukakumana ndi mdani kunja kuli ngwee, inali yodabwitsa.

Mtengo wake unkalipidwa potera. Phiko laling'ono silinyamula kanthu pa liwiro lochepa, choncho inkabwera kudzatera pa makilomita pafupifupi 300 pa ola, komanso mochita kuthandizidwa: mpweya wina unkapatutsidwa mu injini n'kuuzira pamwamba pa tizitseko takumbuyo kwa phiko kuti phikolo ligwire mphepo. Ndiye kuti injini ikafa, mumataya zinthu ziwiri nthawi imodzi, mphamvu yokankha ndi mphamvu yonyamula. Mchira wake unali pamwamba ngati chilembo cha T, ndipo mukadzutsa mphuno mopitirira, mapiko ankauphimba mphepo, ndege n'kuimirira n'kuyamba kupidiguka. Poopa kuti woyendetsa angamenyetseke ku mchira umenewo, mitundu yoyamba inali ndi mpando woponyera munthu pansi osati m'mwamba. Iven Kincheloe, mmodzi mwa akatswiri oyesa ndege a asilikali a America, anafa motero pa bwalo la Edwards mu July 1958, ndege itavuta itangonyamuka. Asilikali a America eni ake anagula zosakwana 300.

West Germany inaisankha mu 1958, nduna ya zachitetezo ali Franz Josef Strauss, kusiya Mirage ya ku France ndi Super Tiger ya kampani ya Grumman. Koma sinkafuna ndege imene oyendetsa a ku Korea anapempha ija. Inkafuna ndege imodzi yogwira ntchito zonse: kuthamangitsa adani, kujambula zithunzi za ukazitape, kuphulitsa sitima zapamadzi, ndipo koposa zonse kunyamula bomba la nyukiliya la America kupita nalo kum'mawa, kwa Soviet Union ndi mayiko ogwirizana nayo, chapansipansi kuti rada ya adani isaione, usiku kapena usana, kuli mvula kapena chipale. Mtundu umenewu, F-104G, pa nthawi yosainirana unali wa papepala chabe. Anaulimbitsa thupi, anaikamo rada yatsopano ndi makina osonyeza njira ovuta kwambiri, ndipo unalemera. Mapiko anakhala omwe aja. Kunali ngati kutenga njinga yampikisano n'kuimangirira matumba a makala. Zambiri zinapangidwira ku Ulaya komweko, m'mafakitale a ku Germany, Netherlands, Belgium ndi Italy, ndipo Ajeremani analandira ndege 916.

Tsono onani amene ankailandira. Gulu la ndege zankhondo la Germany, Luftwaffe, linathetsedwa nkhondo itatha ndipo linayambanso mu 1956. Zaka khumi zimene mayiko ena ankaphunzira jeti pang'onopang'ono, n'kumaika maliro awo, Ajeremani anali pansi. Akuluakulu ake anali akale a nthawi ya pulopela, ndipo ang'onoang'ono anali anyamata osadziwa zambiri. Pakati panalibe anthu. Chenjezo linabwera msanga. Pa 19 June 1962 ndege zinayi za Starfighter zinkayeserera chionetsero pafupi ndi bwalo la Nörvenich, kukonzekera mwambo wa mawa lake wolandira ndegeyi. Zinalowa mumtambo mapiko atayandikana kwambiri, zinatulukamo zitalunjika pansi, ndipo zonse zinayi zinakamenya nthaka. Anafa mphunzitsi wa ku America amene ankatsogolera, ndi Ajeremani atatu amene ankamutsatira monga anaphunzitsidwira, maso ali pa phiko la mtsogoleri.

Kuyambira mu 1964 oyendetsa ankakaphunzira ku bwalo la Luke, m'chipululu cha Arizona, kumene dzuwa limawala pafupifupi chaka chonse ndipo phiri umalionera kutali. Akabwerera kwawo ankapeza mitambo yotsika, chifunga, mvula yowaza, zitunda za nkhalango ndi nsanja za matchalitchi. Ku bwalo la Jever, ku Germany komweko, kunali maphunziro owazoloweza nyengo ya ku Ulaya, koma kuzolowera kwenikweni kumafuna maola ambiri ouluka, ndipo maolawo ndi amene ankasowa. Pa liwiro la makilomita 800 pa ola ndege imadutsa mamita oposa 200 pa sekondi imodzi, mabwalo awiri a mpira. Woyendetsa ali yekha, ayang'ane mapu pabondo, asinthe wailesi, aone rada. Akaweramitsa mutu masekondi atatu, mphuno itatsika pang'ono chabe, basi kwatha. Ngozi zambiri zinali zotere: ndege yabwinobwino, munthu wabwinobwino, kukamenya phiri kapena nyanja.

Maola ankasowa chifukwa ndege zinkakhala zowonongeka. Chuma cha West Germany chinali chikukwera, mafakitale ankalipira bwino kuposa usilikali, ndipo amakaniko odziwa ntchito ankathawira kumeneko. Mashedi anali ochepa, moti ndege zodzaza ndi mawaya ndi makina osafuna chinyontho zinkagona panja, pa mvula ndi chisanu. Zipangizo zosinthira zinkachedwa. Ndege zikachepa woyendetsa amauluka mwa apo ndi apo, akauluka mwa apo ndi apo dzanja limaiwala, ndipo ngozi ikachitika akuluakulu ankaika malamulo ena ochepetsanso kuuluka. Mu 1965 mokha kunachitika ngozi 27 ndipo oyendetsa 17 anafa. Mu December chaka chimenecho ndege ina inanyamuka ku Nörvenich usiku, woyendetsa n'kukomoka m'mwamba, mwachionekere chifukwa cha vuto la mpweya wopuma. Inapitirira yokha molunjika kumpoto, ndege za mayiko anzawo zikuitsatira popanda chochita, mpaka mafuta anatha n'kukagwera pafupi ndi Narvik, kumpoto kwa Norway.

Anthu anaipatsa mayina: Witwenmacher, yopanga amasiye; Fliegender Sarg, bokosi la maliro louluka; Erdnagel, chikhomo chokhomera tenti pansi. Kunalinso nthabwala yowawa yakuti ukafuna kukhala ndi Starfighter yakoyako, ungogula kamunda n'kudikira. Magazini ya Der Spiegel inailondola nkhaniyi mosatopa, ndipo inafika mpaka m'nyumba ya malamulo. Erich Hartmann, amene pa nkhondo anagwetsa ndege zochuluka kuposa munthu wina aliyense, ananena poyera kuti Luftwaffe sinali yokonzeka kulandira ndegeyi. Akuluakulu sanamukonde nazo, ndipo anapuma ntchito msanga mu 1970.

Kodi vuto linali ndege kapena eni ake? Apa anthu amakanganabe, koma pali umboni wothandiza. Spain inali ndi ndege za Starfighter 21 kuyambira 1965 mpaka 1972, ndipo sinatayepo ngakhale imodzi. Inkaziulutsa m'mwamba, m'nyengo yabwino, pa ntchito imene Kelly Johnson anaikonzera. Canada, imene oyendetsa ake anali odziwa bwino koma ankauluka chapansipansi ku Ulaya monga Ajeremani, inataya pafupifupi theka la zake. Ndipo F-84F, imene Starfighter inailowa m'malo ku Germany, nayo inagwa mochuluka, kungoti inalibe dzina m'nyuzipepala. Mmene ndikuonera ine, amene amati ndegeyi inalibe mlandu akunama, chifukwa inali yosakhululuka. Cholakwa chaching'ono chimene ndege ina ikanachinyalanyaza, iyo inkachilipiritsa ndi moyo. Koma oigula ankazidziwa zimenezi, kapena ankayenera kuzidziwa, ndipo anaipatsa ntchito yoopsa koposa pa nthawi imene analibe amakaniko, mashedi, ngakhale oyendetsa okhwima.

Mu August 1966 mkulu wa Luftwaffe, Werner Panitzki, anachoka pa mpando atadzudzula poyera mmene ndegeyi inagulidwira. Amene analowa m'malo mwake mu September anali munthu wa nkhope ya zipsera, wovala magalasi akuda: Steinhoff uja wa ku Riem. Sanavomere ntchitoyo asanapatsidwe mphamvu zokwanira, poti nkhani za Starfighter zinali zomwazikana m'maofesi ambirimbiri ndipo palibe amene ankayankha mlandu wonse. Zimene anachita sizinali zamatsenga. Anabweretsa akatswiri a m'makampani kudzathandiza kukonza ndege m'mabwalo a asilikali, anasintha dongosolo la amakaniko ndi la zipangizo zosinthira, analimbikitsa kumanga mashedi ndi kuika zingwe zokola ndege kumapeto kwa misewu yoterapo. Chodabwitsa kwa anthu wamba n'chakuti m'malo mochepetsa kuuluka analamula kuti oyendetsa aziuluka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti pa ndege ngati imeneyi woopsa ndi amene wakhala milungu osaikwera.

Anamenyeranso nkhondo mpando. F-104G inali kale ndi mpando woponyera m'mwamba wa Lockheed, koma unkafuna kuti ndege ikhale ndi liwiro, ndipo nthawi zina unkawombana ndi munthu kapena kukolana ndi parachuti akasiyana nawo. Kuyambira mu 1967 anayamba kuikamo wa Martin-Baker wokhala ndi roketi, umene umatha kupulumutsa munthu ngakhale ndege itaima chilili pansi. Ngozi zinatsika moonekeratu pa zaka zotsatira, ndipo mwa amene ankagwa, ochuluka ankabwerera kwa akazi awo.

Mbali ina ya nkhaniyi inaululika mochedwa. Mu 1975 ndi 1976 komiti ya nyumba ya Senate ku America, motsogozedwa ndi Frank Church, inapeza kuti Lockheed inkapereka ziphuphu za mamiliyoni a madola kwa akuluakulu a mayiko ena kuti agule ndege zake. Ku Netherlands, Prince Bernhard, mwamuna wa Mfumukazi Juliana, anatchulidwa pa ndalama zoposa madola miliyoni imodzi ndipo anatula maudindo ake a usilikali. Strauss naye anamuloza chala, koma umboni woti iye kapena chipani chake analandira kanthu sunapezeke. Ku America nkhani ngati zimenezi zinabala lamulo la 1977 loletsa makampani kupereka ziphuphu kunja.

Ngozi zinachepa koma sizinathe. Mu March 1970 Starfighter ya asilikali apamadzi inagwa n'kupha Joachim von Hassel, mwana wa Kai-Uwe von Hassel, amene anali nduna ya zachitetezo pa zaka zoipitsitsa zija ndipo ankaiikira kumbuyo ndegeyi m'nyumba ya malamulo. Pomwe Starfighter yomaliza ya Germany inkatera ku Manching mu May 1991, mwa 916 zija 292 zinali zitawonongeka ndipo oyendetsa 116 anali atafa. Italy inapitiriza kuuluka nayo mpaka 2004.

Steinhoff anachoka ku Luftwaffe n'kukatsogolera komiti ya asilikali ya NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America ndi mayiko a ku Ulaya, kuyambira 1971 mpaka 1974, ndipo anamwalira mu 1994. Zikope zake zinakonzedwa mu 1969, ntchito ya Starfighter ili mkati, ndi dokotala wa ku Britain, dziko limene ankaliwombera ali mnyamata. Anali atatha zaka 24 akugona maso ali chitsegukire.